Bwanji Makanda Amawabaya Pantchafu?

Tikapita kusikelo ku Nathenje, ambirife timadabwa kuona mwana wakhanda akumubaya katemera pantchafu, osati pathako. Ena akamva kulira kwake amaleka kupita naye.

Chifukwa chake nchakuti mwana asanakwanitse chaka, mnofu wa pamkono umakhala wochepa. Pathako pamachuluka mafuta, ndiponso pamadutsa mtsempha waukulu wopita kumwendo, umene singano ikaulasa mwendo ukhoza kulumala. Ntchafu ndiyo ili ndi mnofu wokwanira. Jakisoni wa pa masabata 6, 10 ndi 14 amabaya pamenepo, chimodzimodzinso katemera wa malungo amene adayambira ku Mitundu mu 2019.

Kutupa pang'ono kumatha m'masiku ochepa, ndipo tisatikitepo. Koma chifuwa chokoka mtima chimapha makanda. Makolo anzathu, tiyeni timalizitse ana katemera.