Mbale za ku Meissen

Mlendo akafika ku Meissen, mzinda wa m'dziko la Germany, amaona amisiri alikuumba mbale ndi kujambulapo maluwa ndi manja, nchito imene inayamba kumeneko mu 1710. M'nyumba yosungiramo zakale muli mbale zoyera ngati mkaka, zambiri zokhala ndi cizindikiro ca malupanga awiri opingasana.

Kale anthu a ku Ulaya anali kugula mbale zotere ku China pa mtengo waukulu. Johann Böttger atatulukira kaumbidwe kace, Mfumu Augustus anamuikira alonda kuti angaulule. Komatu cuma ceni-ceni cili pansi: dothi loyera lochedwa kaolin, limene amuna owerengeka amakumba mu mgodi waung'ono wa Seilitz, pafupi pomwepo. Mbalezo amaziocha pa moto woposa uja wosungunula mkuwa, kufikira zitalimba ngati galasi.