Kodi mumadziwa kuti mafuta a mabuleki amamwa madzi?

Eni galimoto za mpikisano amadandaula kuti mabuleki akatentha, chopondera chimangolowa pansi ngati waponda thonje. Vuto lomweli limagweranso mapikapu ndi timalole tonyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni ya Chinkhoma ku Kasungu (malole akuluakulu nkhani yawo ndi ina, poti mabuleki awo amadalira mpweya). Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira kutentha kusanafike madigiri 230, koma akamwa madzi okwana 3.7 peresenti amatha kuwira pa 155. Akawira amachita nthunzi, nthunziyo imafinyika, ndiye phazi limaponda koma mawilo osagwira. N'chifukwa chake opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse, osati kumangothiramo ena.

Wina anganene kuti ku Kasungu n'kwathyathyathya, kulibe zitsetse zotenthetsa mabuleki. Komatu kutenthako kumachokera ku kulemera kwa katundu ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, kutentha poima kumawirikiza kanayi, ndipo pamsewu wa M1 dalaivala amaponda mabuleki pafupipafupi popewa ngolo ndi njinga za kabaza. Msika wa fodya nawonso umatsegulidwa dzinja likungotha kumene, mafuta atamwa chinyezi miyezi yonse ya mvula.