Njira Zozukutira Nkhani Zamchezo ndi Zolembedwa ndi Mawu Ozitchulira

1. Chiyambi

Wophunzira wa ku sekondale akafunsidwa kuti azukute nthano kapena ndakatulo, kawirikawiri amangobwereza zimene zinachitika m'nkhanimo kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto. Kubwereza koteroko kumasonyeza kuti iye anawerenga, koma sikuyankha funso limene wafunsidwa. Vutoli lili ndi magwero awiri. Gwero loyamba ndi lakuti mabuku ambiri olongosola njira zozukutira nkhani analembedwa m'Chingerezi. Lachiwiri ndi lakuti mawu a Chichewa otchulira ntchitoyi amasakanizidwa, kotero kuti mphunzitsi amatha kunena china wophunzira n'kumva china.

Nkhani ino ikulongosola mawuwo pamodzi ndi njira zisanu ndi imodzi zozukutira. Zitsanzo zake zayang'ana ku Nkhunga, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, m'dera la Mfumu Kanyenda. Kumeneko Achewa ndi Atonga amakhala moyandikana, ndipo minda ya nzimbe ya ku Dwangwa yakhala ikusonkhanitsa anthu a m'maboma ambiri kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. M'dera lotere nthano imodzi imagwera m'makutu osiyanasiyana, choncho kusiyana kwa njira zozukutira kumaoneka mosavuta.

2. Mawu otchulira ntchitoyi

Mawu a Chingerezi akuti criticism amamasuliridwa ndi ena kuti kudzudzula kapena kutsutsa. Mawu awiriwa amasokeretsa. Kudzudzula ndiko kuuza munthu kulakwa kwake, ndipo kutsutsa ndiko kukana zimene wanena. Wophunzira amene wapatsidwa mawu amenewa amayamba kusaka zolakwa za mlembi, ndipo akapanda kuzipeza amasowa cholemba. Mneni woyenera ntchito yonseyi ndi kuzukuta, umene aphunzitsi ambiri a Chichewa anauzolowera kale.

Kuzukuta kuli ndi masitepe atatu amene ayenera kukhala ndi mayina awoawo. Kusanthula ndiko kupatula zigawo za nkhani ndi kuona ntchito ya chigawo chilichonse: tsatanetsatane wa zochitika, ampangankhani, malo ndi nthawi, mfotokozankhani ndi zipangizo monga chibwereza, chifanifani ndi zizindikiro. Kutanthauzira ndiko kunena chimene zigawozo zikutanthauza zikaphatikizidwa. Kuunika ndiko kuyeza ngati mlembi wakwaniritsa chimene anafuna kuchita. Mneni wakuti kumasulira ndi bwino usungidwire ntchito yochotsa nkhani m'chiyankhulo china kuika m'china, monga anachitira Benedicto Wokomaatani Malunga pomasulira buku la Chinua Achebe la Things Fall Apart kukhala Chipasupasu.

Pa kalembedwe pali mfundo ziwiri zofunika kusamala. Munthu mmodzi ndi wozukuta, anthu ambiri ndi ozukuta. Kulemba kuti "ozukuta wanena" ndi kulakwitsa mgwirizano. Mayina ophatikiza monga mpangankhani ndi mfotokozankhani amalembedwa ngati liwu limodzi, ndipo pochulukitsa amalandira mphatikiram'mbuyo a-, kukhala ampangankhani ndi amfotokozankhani.

3. Nthano yoyesera njirazi

Pofuna kuti njira zonse ziyesedwe pa chinthu chimodzi, pasankhidwa nthano yodziwika ya Kalulu ndi chitsime. M'mafotokozedwe ambiri, chilala chitagwa nyama zinapangana kukumba chitsime koma Kalulu anakana. Madzi atapezeka, nyamazo zinaika alonda kuti Kalulu asamwe. Iye ankabwera ndi uchi, n'kunyengerera mlonda kuti ayambe wamangidwa asanalawe, ndipo akammanga ankamwa madzi, kusamba ndi kuwavundula. Nyama zamphamvu zinalephera motsatizana kufikira Kamba anadzipaka ulimbo pamsana n'kumugwira. Pamapeto pake Kalulu anapusitsanso oweruza posankha yekha chilango chimene chinampatsa mpata wothawa.

4. Kuzukuta poyang'ana kapangidwe

Njira imeneyi imafunsa m'mene nkhani yamangidwira, osalabadira za moyo wa mlembi kapena nthawi imene anakhalako. Inakula ku Russia m'zaka za m'ma 1910 ndi 1920 pakati pa akatswiri monga Viktor Shklovsky, ndipo ku England I. A. Richards anailimbikitsa ndi buku lake la mu 1929 lotchedwa Practical Criticism. Mu 1928 Vladimir Propp, atasanthula nthano za ku Russia, anapeza kuti ngakhale mayina a ampangankhani amasintha, zochita zawo zimagwera m'magulu 31 amene amatsatana mwadongosolo.

Wozukuta nthano ya chitsime mwa njirayi amaona kuti msana wake ndi chibwereza. Mlonda aliyense amagwa mumsampha womwewo, ndipo kugwa kwa aliyense kumakulitsa chidwi cha omvera pa funso lakuti adzathetse vutoli ndani. Amaonanso kuti nyama zaikidwa mosemphanitsa: zamphamvu zikulephera, yonyozeka ikupambana. Chingwe chimene Kalulu anamangira anzake chikuyankhidwa ndi ulimbo umene unamumata iye mwini. Ubwino wa njirayi ndi wakuti wophunzira amakakamizika kuloza umboni m'nkhani momwemo. Kufooka kwake ndi kwakuti siifotokoza chifukwa chimene agogo amasankhira nthano imeneyi usiku wakutiwakuti.

5. Kuzukuta poyang'ana mbiri ndi moyo wa mlembi

Pano funso ndi lakuti nkhaniyi inalembedwa ndi yani, liti, ndipo inalembedwera yani. Chitsanzo chabwino ndi buku la Nthondo la Samuel Josiah Nthara, limene linapata mphotho mu 1933 pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Wozukuta amene akudziwa zimenezi samadabwa kuona kuti moyo wa Nthondo, umene wadzala ndi miyambo ya Achewa, ukukathera m'Chikhristu. Amatha kufunsanso kuti ndi miyambo iti imene mlembi anaifotokoza mwaulemu ndi iti imene anaiweruza, poganizira kuti oyamba kuwerenga zolemba zake anali amishoni.

Nthano ilibe mlembi mmodzi, koma ili ndi mbiri ya dera limene ikukambidwa. Nkhotakota linali likulu la a Jumbe, amene ankachita malonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800, ndipo David Livingstone anafikako mu 1863. Nkhani za kumangidwa ndi chingwe pambuyo pa kunyengedwa ndi chinthu chokoma zingamveke molemera m'boma lokhala ndi mbiri yotere. Komabe wozukuta asanene kuti nthanoyi inabadwira pa malonda a akapolo, popeza imapezekanso m'mayiko ambiri a mu Africa. Choyenera kunena ndi chakuti mbiri ya malo imasintha kamvedwe ka nthano.

6. Kuzukuta poyang'ana chuma ndi ulamuliro

Njira iyi inachokera ku maganizo a Karl Marx, ndipo mu Africa inamveka kwambiri kudzera mwa Ngugi wa Thiong'o wa ku Kenya, amene buku lake la mu 1986 la Decolonising the Mind linagwirizanitsa nkhani ya chiyankhulo ndi ya ulamuliro. Mafunso ake ndi akuti akugwira ntchito ndani, akudya phindu ndani, ndipo malamulo akupangidwa ndi yani.

M'nthano ya chitsime mafunsowa ali poyera. Nyama zinakumba, Kalulu anamwa. Koma yankho silikhala limodzi. Msodzi wa ku Nkhunga amene amachezera panyanja kukoka chilimira, n'kulandira gawo lochepa la usipa poyerekeza ndi mwini ukonde, angaone Kalulu ngati munthu wodyera thukuta la anzake. Mlimi amene akusowa polima chimanga kapena mpunga chifukwa dambo ladzala nzimbe angaone Kalulu ngati wochepa mphamvu amene akuluakulu amutsekera pa chinthu chimene moyo umadalira. Matanthauzo onse awiri ali ndi potsamira m'nthanomo. Ngozi ya njirayi ndi kusandutsa nkhani iliyonse kukhala mlandu wa olemera ndi osauka, n'kuiwala nthabwala ndi nyimbo zimene zimachititsa ana kupempha kuti nthanoyo ibwerezedwe.

7. Kuzukuta poyang'ana amuna ndi akazi

Wozukuta wa njira imeneyi amafunsa kuti akazi ndi amuna aonetsedwa motani, amene wapatsidwa mawu ndi uti, ndipo amene wakhala chete ndi uti. Njirayi inafala m'mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1970, koma poigwiritsa ntchito m'Malawi pamafunika kusamala, chifukwa kakhalidwe ka mabanja n'kosiyana. Pakati pa Achewa mtundu umatsata kwa mayi, mwamuna amatha kukakhala chikamwini kwa mkazi, ndipo mwinimbumba amakhala malume. Choncho mkamwini wa m'nthano amene akusekedwa chifukwa cha umbombo kapena ulesi ali pa malo ofooka amene mabuku akunja sawafotokoza.

M'nthano ya chitsime, nyama zimene zimakumba, kulonda ndi kuweruza zimakambidwa ngati amuna, chikhalirecho pamudzi otunga madzi ndi amayi, ndipo ofotokoza nthano nthawi zambiri ndi amayi ndi agogo aakazi. Kusemphana kumeneku ndi poyambira pabwino pa kutanthauzira. Nyimbo za pamtondo, m'mene amayi amatulutsira madandaulo a m'banja posinja, ndi nyimbo za chioda, gule wa amayi wodziwika ku Nkhotakota, ndi nkhokwe ina yoyenera njira imeneyi.

8. Kuzukuta poyang'ana omvera ndi kachitidwe

Nthano yolembedwa papepala yataya mawu a wofotokoza, manja ake, nyimbo ndi mayankho a omvera. Ruth Finnegan, m'buku lake la mu 1970 la Oral Literature in Africa, anatsindika kuti nkhani yamchezo imakhala yathunthu pamene ikuchitidwa pamaso pa anthu. Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lawo la mu 1991 la Power and the Praise Poem, anaonetsa kuti m'madera ambiri a kummwera kwa Africa woimba amaloledwa kunena m'nyimbo zimene sangaloledwe kunena pongoyankhula.

Wofufuza wa ku Nkhunga amene akutsata njirayi ayenera kulemba zambiri kuposa mawu a nthano. Alembe amene akufotokoza, nthawi yake, amene akhala pafupi, pamene omvera aseka ndi pamene akhala chete. Alembenso chiyankhulo chimene chagwiritsidwa ntchito pa gawo lililonse, chifukwa wofotokoza wodziwa Chichewa ndi Chitonga angathe kukamba nkhani m'chiyankhulo china n'kuimba nyimbo yake m'china. Kusintha kumeneko kuli ndi tanthauzo, ndipo wolemba akakusalaza n'kuika zonse m'Chichewa cha m'mabuku amafafaniza umboni.

9. Kuzukuta ndi miyeso ya eni nkhani

Njira zisanu zatchulidwazi zinayalidwa ndi akatswiri akunja, ngakhale zina zinakulitsidwa mu Africa. Steve Chimombo wa ku Chancellor College, m'buku lake la mu 1988 la Malawian Oral Literature: The Aesthetics of Indigenous Arts, anafuna muyeso wochokera m'ziyankhulo za m'Malawi momwe. Iye anapeka liwu lakuti ulimbaso pophatikiza timagawo ta mawu, kuti liimire zinthu zitatu: chimene chimautsa mmisiri kuti apange chinthu, maumbidwe a chinthucho, ndi luso lochikongoletsera.

Phunziro la Chimombo kwa ofufuza mawu ndi lakuti anthu anali kuzukuta nkhani sukulu zisanabwere. Omvera akamati wofotokoza wathyola nthano, woimba wakometsera, mwambi wagwa pamalo pake kapena ng'oma yasemphana ndi nyimbo, amakhala akuunika ndi miyeso yodziwika kwa onse. Mawu otere ayenera kusonkhanitsidwa m'midzi ndi m'madoko, a Chichewa ndi a Chitonga omwe, asanapekedwe ena atsopano m'maofesi.

10. Kusankha njira ndi udindo wa wozukuta

Palibe njira imene imakwanira yokha. Ndakatulo yaifupi imafuna kuyamba ndi kapangidwe, buku longa Nthondo limafuna mbiri, ndipo nyimbo ya gule imafuna kachitidwe. Wophunzira atchule pachiyambi njira imene wasankha, asanthule, atanthauzire, kenaka aunike, ndipo mfundo iliyonse ikhale ndi umboni wochokera m'nkhanimo.

Lamulo la umbonili lili ndi chifukwa chake m'mbiri ya Malawi. Kuyambira mu 1968, pamene kunakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo, kufikira kusintha kwa ndale kwa mu 1993 ndi 1994, alembi ambiri ankabisa maganizo awo m'zizindikiro, ndipo akuluakulu a boma ankasaka matanthauzo obisika. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje la mu 1981, Of Chameleons and Gods, linachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu mu 1985, ndipo mlakatuliyo anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira mu 1987 kufikira mu 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'nyengo imeneyo kunena kuti Kalulu wa m'ndakatulo akuimira uje kunkatha kuika munthu m'mavuto aakulu. Wozukuta wa lero ali ndi ufulu wotanthauzira, ndipo ufuluwo umamupatsa udindo wosiyanitsa chimene nkhani yanena ndi chimene iye akuganiza, ndi kuonetsa owerenga m'mene wachokera pa china kufika pa chinzake.