Matayala aakulu pa pikiapu: ganizirani ekiselo musanatulutse ndalama

Mvula ikakhazikika, misewu ya dothi yopita kokapikula mbatata ya kachewere ku Tsangano ndi ku Bembeke, kapena tomato m'midzi yozungulira Jenda, imadzaza matope ndi zigwembe. Nthawi imeneyi mtengo wa katundu umakwera m'tauni chifukwa ofika kumunda amakhala ochepa. Nchifukwa chake amalonda ambiri a mapikiapu amathamangira kuika matayala aakulu kuti galimoto ikwere m'mwamba, isamagunditse mimba. Nzeruyo ndi yabwino, koma tayala lalikulu limabwera ndi ngongole yake, ndipo wolipira amakhala ekiselo.

Taonani masamu ake. Tayala la 205R16, lomwe linkabwera ndi ma Hilux ambiri akale a 4x4, ndi lotalika pafupifupi mainchi 29. La 285/75R16 limafika pafupifupi mainchi 33. Kusiyanaku ndi mainchi 4, koma difu imakwera ndi theka lokha, masentimita 5. Pomwepo shafuti ya m'kati mwa ekiselo imayenera kupotokola ndi mphamvu yoposa kale ndi pafupifupi 14 pa 100 iliyonse kuti ikankhe katundu yemweyo. Zili ngati kulumikiza paipi ku sipanala: chitsulo chikatalika, bawuti imathyoka msanga. Tayala likazungulira pachabe m'matope kenako n'kugwira mwadzidzidzi pamwala, mpamene shafuti imaduka.

Si maekiselo onse ofanana. Pa Hilux, shafuti ya m'mbuyo imagwira ntchito ziwiri: kuzunguza tayala ndi kusenza katundu. Amakaniko amautcha mtundu umenewu semi-floating. Shafuti yotere ikaduka pafupi ndi habu, tayala limatha kusololoka galimoto ili pa liwiro, matumba ndi othandiza ali pamwamba. Pa Land Cruiser 79 pali mtundu wa full-floating. Kulemera kumakhala pa chubu cha ekiselo kudzera m'mabering'i awiri a habu, shafuti n'kumangozunguza. Ikaduka, tayala limakhalabe pamalo pake. Kutsogolo, pa galimoto za 4x4, zimayamba kugonja ndi ma CV joint, makamaka mukaponda mafuta chiwongolero chili chokhotetsa mpaka kumapeto.

Njira zolimbitsira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kusiya chubu chomwecho n'kuikamo mashafuti a chitsulo cholimba cha chromoly, chomwe chimadziwikanso ndi nambala 4340. Amenewa nthawi zambiri amaitanitsidwa kunja, choncho werengerani msonkho ndi mtengo wa dola. Yachiwiri ndi kuchotsa ekiselo yonse n'kuika ya galimoto yaikulupo, yogula m'misika ya masipeya monga ku Ndirande mu Blantyre kapena ku Biwi mu Lilongwe. Apa mpamene ambiri amaluza ndalama, chifukwa ekiselo siyenda yokha.

Choyamba kufunsa ndi magiya a m'difu. Pa 4x4, difu yakutsogolo ndi yam'mbuyo ziyenera kukhala za nambala imodzi. Zikasiyana, mawilo amakokanakokana ndipo chimathyoka ndi transfer case, chomwe ndi chodula kuposa shafuti. Musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa. Tsegulitsani difu, muwerenge mano a giya yaikulu, mugawe ndi mano a yaing'ono. Mano 41 ndi 10 ndiye 4.10, mano 43 ndi 10 ndiye 4.30, pomwe 39 ndi 8 ndiye 4.88. Galimoto ya 4.30 yomwe yachoka pa mainchi 29 kupita pa 33 imafuna 4.88 kuti ikoke monga kale. Mukapanda kusintha, imafooka pachitunda, mumadalira giya yoyamba ndi yachiwiri, kilatchi imapsa msanga, mafuta n'kumatha ngati madzi.

Chachiwiri ndi mabowo a rimu. Hilux ya 4x4 ili ndi mabawuti 6 pa gudumu, pomwe Land Cruiser 70 yopangidwa kuyambira 1999 ili ndi 5. Mukasakaniza, muzinyamula matayala apadera awiri osiyana. Yezaninso utali wa ekiselo, malo okhala masipuling'i, cholumikizira puropu shafuti, mabuleki ndi chingwe cha handibuleki. Kuwotcherera malo a masipuling'i kumafuna mmisiri wodziwa, chifukwa kutentha kwambiri kumapinditsa chubu, ndipo chubu chopindika chimadya matayala ndi mabering'i mwezi ndi mwezi.

Pogula ekiselo yakale, khuthulani oyilo pambale muone ngati muli tizidutswa ta chitsulo. Sololani shafuti muyang'ane mizere ya kumapeto kwake. Ikakhala yopotoka ngati chingwe, shafutiyo yatsala pang'ono kuduka. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndipo gwirizanani polemba pa lisiti kuti mubweza chinthucho chikakana.

Pali chinanso chomwe ochita hayala saona. Matayala akakula, mita imanama. Ikasonyeza 80, galimoto imakhala ili pa 91, ndipo apolisi apamsewu sadzamva nkhani ya matayala. Ikawerenga makilomita 100, mwayenda pafupifupi 114. Ngati mumatchaja pa kilomita, makilomita 14 amenewo mwapereka aulere, mafuta anu omwe.

Musaiwalenso kuti ekiselo yolimba siwonjezera katundu wololedwa. Kulemera kolembedwa pa kachitsulo ka galimoto ndi m'mapepala ake kumakhala komweko. Pikiapu ya tani imodzi ndi ya matumba 20 a makilogalamu 50, ndipo anthu okwera amachotsera pomwepo. Tchesi, masipuling'i ndi mabuleki sizinasinthe, komanso tayala lalikulu limatalikitsa mtunda woimira. Musanasinthe, funsani a Road Traffic za COF, ndipo adziwitseni a inshuwalansi, kuopa kuti angadzakane kulipira ngozi ikachitika.

Tsono geni yake ili pati? Lembani pa pepala mtengo wa matayala 5, ekiselo kapena mashafuti, magiya a madifu onse awiri, ntchito ya makaniko, ndi masiku omwe galimoto idzakhale pagalaja osagwira ntchito. Gawani ndi phindu la ulendo umodzi. Ngati maulendo obwezera ndalamayo aposa a nyengo imodzi ya mvula, mpamba wanu uli pachiswe. Kwa ambiri, kukweza tayala pang'ono chabe, kusankha la mapulayi 8 kapena 10 lokhala ndi mano a m'matope, ndi kuchepetsa matumba masiku a mvula n'kotchipa kuposa kusintha ekiselo. Maulendo awiri a katundu woyenera amadya mafuta, koma tomato wogona masiku atatu m'thengo podikira shafuti safikanso pamsika.