Mkulu wa sukulu akalowa m'kalasi, maso ake akhale pa ana

Amene anadutsapo pafupi ndi sukulu ya pulayimale ku Ulónguè, ku Metangula kapena ku Milange amalidziwa phokoso lake. Mphunzitsi anena mawu, ana onse abwereza pamodzi. Afunsa kuti "Entenderam?", kalasi yonse iyankha mokweza kuti "Sim!" Kholo lomwe likupita kumunda limamva zimenezi n'kukondwa kuti ana akuphunzira. Koma mu 2016, boma litayesa ana a kalasi yachitatu m'dziko lonse, linapeza kuti ana osakwana 5 mwa 100 alionse ndi amene ankawerenga pamlingo woyenera kalasi yawo.

Munthu woyamba amene angaone chomwe chikuchitika kuseri kwa "Sim!" ameneyu ndi mkulu wa sukulu pamodzi ndi wachiwiri wake woona za kaphunzitsidwe, yemwe amatchedwa director adjunto pedagógico. Kukhala nawo m'kalasi mphunzitsi akuphunzitsa, zomwe m'Chipwitikizi amati assistência às aulas, ndi ntchito yawo kuyambira kale. Vuto lili pa kachitidwe kake. M'masukulu ambiri mkulu amalowa ndi fomu, aona ngati mphunzitsi ali ndi pulani ya phunziro, ngati walemba tsiku pabolodi, ngati wamaliza nthawi yake. Asaina, fomu ilowa m'kabati. Kwina sachita n'komwe: kafukufuku wa Banki Yadziko Lonse wa mu 2014 anapeza kuti pa ulendo wosalengeza, aphunzitsi 45 mwa 100 sanali pasukulu, ndipo akulu a sukulu ojomba anali pafupifupi chimodzimodzi.

Kaphunzitsidwe koika mwana patsogolo, komwe ndondomeko ya maphunziro ya mu 2004 inayamba kulimbikitsa, sikaoneka pa fomu yoteroyo. Kamaoneka pa ana. Mkulu akhale kumbuyo, kumene ana ambiri amakhala pansi chifukwa chosowa mabenchi, ali ndi pepala limodzi. Ajambule mizere ya ana, ndipo mwana akayankha yekha funso, aikepo kachizindikiro pamalo pake. Mphindi 45 zikatha, pepalalo limanena zambiri. Kawirikawiri zizindikiro zimaunjikana pa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi a kutsogolo. Atsikana akuluakulu a kumbuyo, amene anayamba sukulu mochedwa, pamalo pawo pamakhala poyera. Awerengenso mphindi zimene mphunzitsi walankhula, ayerekeze ndi zimene ana awerenga, alemba kapena akambirana. Atsegule makope atatu a ana a kumbuyo, aone ngati mwana walemba zake kapena wangokopera zapabolodi osadziwa chomwe akukopera.

Palinso nkhani ya chilankhulo, yomwe kuno kwathu ndi yaikulu. Chigawo cha Tete ndi chimodzi mwa ziwiri zomwe zinayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri m'ntchito ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997. Ku Tete linali Chinyanja, ku Gaza Chichangana. Lero maphunziro otere ali m'ndondomeko ya boma, komabe makalasi ambiri ndi a Chipwitikizi chokha. Mwana wosayankha mwina yankho akulidziwa, chomusowa ndi mawu. Mkulu aone ngati mphunzitsi amalola ana kufotokozerana m'chilankhulo cha kwawo asanayankhe m'Chipwitikizi.

Kukambirana kwa pambuyo pa phunziro ndiye pamene pamalakwika zambiri. Kuchitike tsiku lomwelo, awiriwiri, osati pamaso pa ana kapena m'chipinda cha aphunzitsi anzake akumvetsera. Mkulu ayambe ndi funso: "Aphunzitsi, inuyo mwaliona bwanji phunziroli? Ndi ana ati amene mukuganiza kuti amva?" Kenako aike pepala lija patebulo, alione limodzi. Mphunzitsi akaona yekha kuti mzere wonse wa kumbuyo sunatsegule pakamwa, safunika kudzudzulidwa. Agwirizane chinthu chimodzi chokha choti asinthe. Zinthu khumi mphunzitsi amavomera ndi mutu, mawa n'kuphunzitsa monga dzulo.

Aphunzitsi ena amati zonsezi ndi nkhani za ku maofesi, poti ana 70 pansi pa mtengo wa mango sungawagawe m'magulu. Akunena zoona ndithu, magulu a ana asanu ndi atatu m'kalasi yodzaza amangobala chipwirikiti. Koma awiriawiri zimatheka paliponse. Mphunzitsi afunse funso, adikire pang'ono, auze ana kuti aliyense auze mnzake wapafupi, kenako atchule dzina la mwana amene sanakweze dzanja. Sipafunika benchi kapena buku latsopano. Pakatha masabata awiri mkulu abwerenso ndi pepala lina, kudzaona chinthu chomwecho chimene anagwirizana.

Nayenso mkulu wa sukulu ali ndi zake. M'masukulu ang'onoang'ono amakhala ndi kalasi yakeyake, ndipo masiku ena amathera paulendo wa kuofesi ya maphunziro ya boma laling'ono, SDEJT, kukapereka ziwerengero. Apa ndi pamene ZIP, gulu la masukulu oyandikana, ingathandize. Pa misonkhano yake aphunzitsi angathe kuonererana akuphunzitsa, ndipo mphunzitsi amene awiriawiri akumuyendera bwino aonetse anzake.

Makolo simulowa m'kalasi kukayesa mphunzitsi, imeneyo si ntchito yanu. Koma muli ndi mipando mu Conselho de Escola, ndipo nkhani za kumeneko zisamangothera pa njerwa, malata ndi ndalama za ADE. Pamsonkhano wotsatira mungathe kufunsa mkulu wa sukulu kuti teremu ino wakhala nawo m'maphunziro angati, komanso kuti mwa ana a kalasi yachitatu ndi angati amene angawerenge okha ndime imodzi.