Mlandu wa agogo ndi mchenga m'munda mwa mdzukulu

Madzi akasefukira kuno kwa Makhuwira, monga anachitira mu 2015 ndi pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sipalephera kupezeka munthu wofunsa ngati Chauta akutilanga chifukwa cha zolakwa za makolo. Wina amatsegula Eksodo 34, pamene pakunenedwa kuti kuipa kwa atate kumafikira ana mpaka m'badwo wachitatu ndi wachinayi. Mnzake amatsegula Ezekieli 18, pamene mneneri akukanitsitsa kuti mwana sangasenze mlandu wa bambo wake. Baibulo ndi lomwelo. Ndiye tigwire mawu ati?

Tiyeni tiyambire kumunda, abale anga. Agogo ena kumtunda, m'mapiri a ku Thyolo, anadula mitengo n'kulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Agogowo anatisiya kalekale. Lero mvula ikagwa, madzi amatsika mwaukali, atanyamula miyala ndi mchenga, n'kukwirira munda wa mwana amene sanagwirepo nkhwangwa. Mwanayo wavutika nazo zochita za agogo. Ndi mmene ine ndimamvera mawu a mu Eksodo: tchimo limayenda ngati madzi, silithera pamene layambira.

Koma pitani naye mwana yemweyo kubwalo la amfumu. Kodi angamulipiritse mbuzi chifukwa cha mitengo imene inadulidwa iye asanabadwe? Anthu angaseke. Mchenga uli m'munda mwake, inde, koma mlandu si wake. Apa ndi pamene paima Ezekieli. Iye ankalankhula kwa Ayuda amene anatengedwa ukapolo ku Babulo m'chaka cha 597 Yesu asanabadwe, anthu amene anali atangokhala pansi n'kumadandaula ngati kuti agogo ndiwo anadya bwemba, mano oyayamira n'kukhala a adzukulu. Munthu wotaya mtima chotere mukamukumbutsanso za machimo a makolo, ndiye kuti mwamumaliza. Amafunika kuuzidwa kuti khasu lili m'manja mwake. Ndipo mu Eksodo 34 momwemo, chilango chawerengedwa mibadwo itatu kapena inayi, pamene chifundo chawerengedwa m'zikwi. Ambiri timathamangira chiwerengero chaching'onocho.

Nkhani ya m'Baibulo ya mzinda wa Nineve nayonso imasokoneza. Mneneri Yona analengeza kuti mzindawo ugwa pakatha masiku 40, koma sunagwe. Kodi Mulungu ananama? Ganizirani munthu amene amayenda usiku m'mudzi akukuwa kuti madzi akubwera, thawirani kumtunda. Kukacha anthu onse ali moyo, palibe amamunena kuti ndi wabodza. Iye ankakuwa n'cholinga choti pasafe munthu. Yona yekha ndiye anakwiya, poti ankafuna kuona moto.

Kenaka mumapeza mneneri Nahumu akulosera kugwa kwa mzinda womwewo, ndipo unagwadi mu 612 Yesu asanabadwe. Amenewa anali anthu a m'badwo wina, amene anamanganso m'dambo momwe makolo awo anathawamo.

Sindikunena kuti mfundo zonse zamasuka. Mwana amene anakokoloka ndi madzi ali kumsana kwa amake, ine ndilibe vesi loti ndikamuwerengere mayiyo. Pamaliro otero ndimangokhala nawo pansi, n'kusiya Baibulo m'thumba kufikira atandipempha okha.