Kodi mumadziwa? Nkhupakupa imayenda ulendo wautali pamsana pa chiweto

Kodi mumadziwa kuti nkhupakupa ilibe mapiko ndipo sidumpha? Imakwera pansonga ya udzu n'kudikira kuti ng'ombe, mbuzi, galu kapena mwendo wa mbusa uikhudze. Maulendo ake ataliatali timaiyendetsa ndife. Mbuzi yogulidwa pamsika wa Nsanama, n'kumangidwa panjinga kupita ku Ntaja kapena ku Liwonde, imafika kukhola latsopano ili ndi alendo kunsi kwa mchira. N'chifukwa chake kalata ya alangizi a ziweto yololeza kusamutsa chiweto si yongovutitsa nayo anthu.

Nkhupakupa yaikazi ikakhuta magazi imagwa pansi n'kuikira mazira masauzande. Ana ake amaswa ali ndi miyendo 6, koma akakula imakhala 8. Zikuluzikulu zimachuluka m'nyengo ya dzinja, udzu ukatalika.

Kodi mumadziwa kumene dzina la nthenda ya ng'ombe ya East Coast fever linachokera? Mliri wa rinderpest utapululutsa ng'ombe kummwera kwa Africa cha m'ma 1896, azungu anakagula zina kugombe la kummawa kwa Africa (East Coast), m'dziko limene lero ndi Tanzania. Zinatsikira padoko la Beira n'kulowa m'Zimbabwe, ndipo mu 1901 ndi 1902 ng'ombe za kumeneko zinayamba kufa ndi nthendayi. Kachilombo kake, Theileria parva, kamafala ndi nkhupakupa yofiirira imene imakonda kukhala m'makutu. Ng'ombe imatupa anabere kunsi kwa khutu, imatentha thupi, imabanika, kenako thovu kutuluka m'mphuno. Pasanathe mwezi yapita. M'Malawi muno nthendayi yakhala ikusautsa kwambiri m'chigawo chapakati ndi kumpoto, ndipo ng'ombe zamkaka zamtundu wachizungu ndizo sizipirira n'komwe. Aliyense wa ku Machinga kapena Balaka wokagula ng'ombe kumeneko ayambe wayang'ana m'makutu.

Njati zimasunga kachilombo komweka koma izo sizidwala. Ng'ombe ikadya msipu umene njati zadutsamo, nkhupakupa zotsalira mu udzu zimatha kuipatsira. Ku Liwonde National Park, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, njati ziliko. Mpanda wa paki umateteza chimanga ku njovu, komanso umalekanitsa msipu wa njati ndi wa ng'ombe. Wodula waya wa mpandawo aziganizirako zimenezi.

Nanga mumadziwa kuti katemera wa nthendayi amapangidwa ku Lilongwe kuchokera ku nkhupakupa zenizeni? Ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases amaweta nkhupakupa zokhala ndi kachilomboka, amazipera, n'kusunga zoperazo m'madzi ozizira kwambiri a nayitirojeni. Ng'ombe imabayidwa kachilombo kamoyo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline nthawi imodzi, kuti idwale pang'ono chabe thupi n'kuphunzira kulimbana nako. Kamodzi kokha, yatetezeka moyo wake wonse. Katemerayu amatchedwa Muguga cocktail, potengera malo ena a ku Kenya, ndipo kuchokera ku Lilongwe amatumizidwa kumaiko ena. Zimandiwawa kuti alimi ambiri akuno kwathu sanamvepo za iye.

Kwa ife a mbuzi, mdani wamkulu ndi nkhupakupa yamawangamawanga, yamlomo wautali. Imafalitsa nthenda ya heartwater. Mbuzi imayenda mozungulirazungulira, imagwa n'kumapalasa miyendo, ndipo mukaitumbula mumapeza madzi atazinga mtima. Ena amathamangira kunena kuti yalodzedwa. Ng'ombe ikamakodza mkodzo wofiira, kawirikawiri ndi ntchito ya mtundu winanso, wobiriwira motuwa.

Nkhumba nazo sizinapulumuke. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri anapeza kachilombo ka chigodola cha nkhumba m'nkhupakupa zofewa zobisala m'ming'alu ya makola ku Mchinji. Izi zimatuluka usiku, kuyamwa mwachangu n'kubwerera, ndipo zimatha zaka osadya.

Kodi mumadziwa kuti si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo? Nkhupakupa yamawanga ija ikaluma munthu imatha kusiya kachilonda kankhanambo yakuda, kenako mutu ndi kuphwanya m'thupi. Zofewa zam'ming'alu ya nyumba zadothi zimabweretsa kutentha thupi kopita n'kubweranso, kumene David Livingstone analembapo kale mu 1857. Akakuyezani malungo osawapeza, auzeni adokotala kuti munalumidwa. Mankhwala alipo, ndipo si LA wa malungo.

Pochotsa nkhupakupa pakhungu musaiotche ndi moto kapena kuithira palafini. Igwireni kumutu, pafupi ndi khungu penipeni, muikoke pang'onopang'ono osaifinya mimba. Kunena za ziweto, madibi ambiri akale anaphwa, choncho alimi akupopera okha mankhwala kukhola. Pofuna kuti botolo likhalitse, ena amachulukitsa madzi. Nkhupakupa zimene zapulumuka mankhwala osukuluka otero ndizo zimaswa ana osamva mankhwalawo chaka chamawa.